Kankhokwe ka Kompyuta

Limbe,
25 Okutobala 1998

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Kodi msana uja unaleka, kapena mukugonabe pa thabwa? Nanga amayi, chifuwa chawo cha m'nyengo yozizira chinatha? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Christabel, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera kalatayi. Uwerenge pang'onopang'ono, ndipo mawu achilendo usawalumphe monga umachitira ndi mayina a m'buku la Mbiri.

Mbatata ndi nsinjiro zija ndinalandira. A Twaibu anabwera nazo okha mpaka pa geti la sukulu, asanakagule katundu wa m'sitolo mwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti ndatalika koma ndaiwala kukula m'mbali, ndipo akadzafuna mtengo wothyolera manachesi adzabwereka ine. Muwathokozenso mukawaona ku Ligowe.

Kuno kwatentha kwambiri. Malata a m'kalasi amalira okha masana, ndipo madzi a pampopi amatuluka ofunda ngati wina wawatereka. Nthawi zotere ndimakumbuka kwathu ku Matandani. Ngakhale mwezi uno, m'mawa kumakhala kamphepo kochokera m'mapiri, ndipo munthu ukapita kumtsinje kuja kuli nsungwi, miyendo imachita dzanzi m'madzi. Ndikuganiza kuti pano mwatha kusosa munda wakumtunda ndipo mukupanga mizere. Chaka chino ndi chachitatu mizere imeneyo ikupangidwa ine kulibe.

Za maphunziro zikuyenda. Masamu ndi sayansi ndili bwino, Chingerezi cholankhula ndiye chimandivutabe. Ku hositelo anzanga amakhalira kukangana za zipani. Aliyense ali ndi nyuzipepala yake, ndipo akuti masiku ano munthu sagwidwa chifukwa cha pakamwa. Ine ndimangomvera. Amanditcha Mneno poti kwathu ndi ku Neno, ndipo ena akuti ndinakwatira ku ofesi osawaitana ku ukwati. Nkhani ya ku ofesi imeneyi ndiyo ndakulemberani kalatayi.

M'mwezi wa Malichi sukulu inalandira kompyuta imodzi kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja. Bambo, ndi makina olembera ndi kusunga zolembazo. Pali galasi longa la kanema poonera zimene ukulemba, pali mabatani a zilembo, ndiye pambali pamaima bokosi lachitsulo lotalika ngati ndowa. Nzeru zonse zili m'bokosimo.

Aphunzitsi a sayansi ndiwo ankaidziwa. Tsiku lina anafunsa m'kalasi ngati alipo wofuna kuwerenga buku limene linabwera nayo. Palibe anaimika mkono, inenso sindinaimike, koma onse atapita ku mpira ndinawatsatira nkukalipempha. Ndinaliwerenga kawiri. Mu Juni aphunzitsiwo anapeza ntchito ku bungwe lina nachoka, ndipo kunapezeka kuti pasukulu ponse wodziwa makinawo ndi ine, mwana wa Folomu 3.

Ahedi anandipatsa kiyi wa kachipinda ka kompyuta. Lamulo ndi loti ndizilowamo tikaweruka, maola awiri. Ola loyamba ndimaphunzitsa mayi Callista, mlembi wa mu ofesi, amene moyo wawo wonse akhala akugwiritsa ntchito taipi yamanja. Ola lachiwiri ndi langa. Sindinakuuzenipo izi kale poopa kuti muganiza kuti ndasiya mabuku. Sindinasiye. Kungoti pasukulu pano, pa anthu mazana anayi, malo okhawo amene ndimakhala osafunsidwa chifukwa chimene ndangoti chete ndi m'kachipinda kameneko. Ndimamva ngati ndili pa msanja ya kumunda kuja ndinkaingitsa anyani.

Vuto linayamba mu Seputembala kutangoyamba kutentha. Munthu uli mkati molemba, makina amangouma gwa. Udine batani lililonse, palibe choyenda. Uyenera kuzimitsa, kudikira, nkuyatsanso, ndipo zimene sunasunge zimatayika. Tsiku lina mayi Callista anataya mayina a ana a Folomu 1 onse atawalemba masana athunthu. Anakhala pampando manja ali m'mutu.

Ahedi anandiitana. Sanakalipe, koma anafunsa katatu kuti ola lachiwiri lija ndimachita chiyani. Anati chinthu chimene chinabwera chamoyo sichingayambe kukomoka chokha popanda wochigwira molakwika. Anati komiti ya sukulu ikhala pa 20 Novembala, ndipo ngati pofika tsikulo vutoli lisanathe, kiyi ndibweze, kachipinda katsekedwe mpaka adzapezeke mphunzitsi wodziwa.

Kenako anaitanitsa katswiri wa m'tauni, a Herbert. Anabwera atavala taye dzuwa lili pamutu, ndi kachikwama kodzaza zitsulo. Anatsegula bokosi lija ine ndikuona. M'katimo muli kachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi, amakatcha purosesa. Kameneko ndiko kamaganiza, ndipo kakamaganiza kamatentha. Pamwamba pake anamangirirapo chitsulo cha mano ngati chipeso, ndipo pamwamba pa chipesocho pali kafani kozungulira, kukula kwake ngati nachesi lodulidwa pakati. Ntchito ya kafaniko ndi kuuzira kuti purosesa isapse.

A Herbert anakaloza kafaniko ndi cholembera nkuseka. Anati kameneka kanapangidwira mayiko a chisanu kumene ngakhale agalu amavala majuzi, ndipo kuno kuli ngati kupepesera ng'anjo ya njerwa ndi chipewa. Anati iwo ali ndi fani yaikulu yochokera ku Joni, yachitsulo chokhuthala, ndipo ikangomangidwa vuto latha. Ndi yodula ndithu. Anawonjezanso kuti makina otere sapatsidwa kwa ana, chifukwa mwana akapatsidwa wailesi amafuna kuona munthu amene akulankhula m'katimo. Ahedi anagwedeza mutu nati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Apo ndinadziwa kuti fani yaikulu ikagulidwa, kiyi apitanso nayo limodzi.

Koma panali chimene chinkandivuta. Buku lija limanena kutentha kumene makinawo angapirire, ndipo kutentha kwa ku Limbe sikufika pamenepo. Ndiye ndinayamba kulemba kumapeto kwa kope langa la masamu tsiku ndi nthawi imene makina aumira. Patatha masabata awiri ndinaona kuti m'mawa sauma. Amauma masana, ndiponso pokhapokha atayaka nthawi yopitirira ola. Ndikaika dzanja pamwamba pa bokosi, pamakhala potentha ngati chivundikiro cha poto.

Koma dzanjalo sindinkaliika pa chitsulo. Ndinkaliika pa nsalu. Izi ndinazizindikira mochedwa chifukwa nsaluyo ndinaizolowera.

Mukudziwa mmene amayi amavundikirira wailesi yanu ndi kansalu koluka kaja. Kunonso ndi chimodzimodzi. Kompyuta itangofika, ahedi analamula kuti bokosi lisakhale poyera ngakhale mphindi imodzi, chifukwa msewu wafumbi uli pafupi, ndipo makina ochulukitsira mapepala a mayeso anafa ndi fumbi chaka chatha. Mayi Callista anatenga nsalu ya chipani yakale ija anthu anasiya kuvala, anaitembenuza nkhope kuloza mkati, nkuisoka ngati diresi la bokosilo, lofika pansi mbali zonse. Pamwamba anayalapo china choluka ndi ulusi woyera, cha maluwa, chimene anachiluka mwezi wathunthu. Kutsogolo anasiya kachibowo kopisapo chala poyatsa. Mlendo aliyense wofika mu ofesi amaonetsedwa nsaluyo asanaonetsedwe kompyuta. A Herbert nawo anaivula, nkugwira ntchito yawo, nkuivekanso, nayamikira kuti mayiwo ali ndi luso.

Chimene chinanditsegula maso ndi inu, Bambo. Ndinakumbuka chaka chija a Ezekiele anabwera ndi pepala lalikulu la pulasitiki kuchokera ku esiteti, nakulunga nalo nkhokwe yawo yonse kuti mvula isalowe. Ndinali Sitandade 5. Inu munali pansi pa mtengo wa mapeyala mukung'amba nsungwi, ndipo munawauza kuti chimanga chimapuma ngati munthu. Iwo anati inu mukuchita nsanje chifukwa mulibe pulasitiki. Pofika Januwale atatsegula, chimanga chonse chinali chuku, chotentha ngati chaphikidwa, ndipo nkhuku zomwe zinachikana. Madzulo ake munandituma ndi dengu la chimanga chathu kwa iwo, nkundiuza kuti ndikangotula pakhonde ndibwerere, ndisayang'ane nkhokwe yawo.

Kumbuyo kwa bokosi la kompyuta kuli timabowo totulukira mpweya wotentha, ndipo m'mbali muli tina tolowera wozizira. Diresi lija linatseka tonse. Kuwonjezera apo bokosilo analikankhira kukhoma. Kafani kaja kamazungulira ndithu, koma kamangotakasa mpweya womwewo wotentha.

Ndinafuna kutsimikiza ndisanalankhule. Pa Sabata sindinagwire kanthu, musadandaule. Ndinadikira Lamulungu, anzanga onse atapita ku matchalitchi awo, sukulu ili zii. Ndikuvomera kuti tsikulo silili m'lamulo la kiyi. Ndinavula nsalu zonse ziwiri nkuzipinda bwino. Ndinamasula timisomali topota ndi nsonga ya mpeni, ndipo m'mano a chipeso chija ndinapezamo fumbi ndi ubweya wa nsalu zitagwirana ngati chisa. Ndinachotsa ndi nthenga ya nkhuku imene ndinatola kuseri kwa khitchini. Ndinatseka, nkukokera bokosi kutali ndi khoma, nkuyatsa.

Linayaka kuyambira teni koloko ya m'mawa, dzuwa litakwera, mpaka mthunzi wa ofesi unafika pa mtengo wa mbendera. Maola asanu ndi limodzi, tsiku lotentha kuposa onse, ndipo silinaume ngakhale kamodzi. Ndinalipatsa ntchito zolemera zonse zimene ndikuzidziwa. Pamwamba pake panali pofunda chabe ngati pamimba pa mwana wa mbuzi. Pomaliza ndinayesanso nditaliveka diresi. Lisanathe ola ndi theka linauma. Ndiye kuti kafani kamene kanabwera ndi makinawo ndi kokwanira. Chimene kakusowa ndi mpweya.

Lachitatu lotsatira a Herbert anabweranso kudzamva yankho. Ahedi anandiitana kuti ndidzamve nawo, ndipo anati popeza tsopano ndi demokalase, ngakhale wa Folomu 3 alankhule. A Herbert anatsamira pampando nati tiyeni timve za pulofesa wa ku Neno. Mayi Callista anali pomwepo akuthira tiyi.

Mawu ndinali nawo, kope linali m'thumba. Koma ndinayang'ana ahedi amene anaika lamulo la nsalu, ndi mayiwo amene anaisoka, ndi mlendo amene akanakafalitsa nkhaniyo m'tauni monse kuti kusukulu kwina anaphika kompyuta m'chitenje. Mayi Callista ndi amene amandisungira mkate wa tiyi wa aphunzitsi. Nditadwala malungo mu Julayi ndiwo anazindikira kuti sindinatuluke ku hositelo masiku awiri. Ndinangopempha kuti fani yaikulu isagulidwe kufikira tsiku la komiti. A Herbert anaseka nati mwanayu akufuna kuyesa mapemphero kaye. Ahedi anavomera, mwina chifukwa cha kudula kwa faniyo, koma anandikumbutsa kuti tsiku ndi lomwe lija.

M'mawa mwake mayi Callista anandiitanira m'kachipinda nkutseka chitseko. Anati iwo sanabadwe dzulo. Anati choluka chawo amachiyala duwa lalikulu likuloza kuzenera, koma Lolemba anachipeza likuloza kuchitseko, ndiye ndinene bwino chimene ndinkachita Lamulungu pamene akhristu enieni anali ku tchalitchi. Mawu akuti enieni amandiseka nawo nthawi zonse chifukwa cha Sabata.

Ndinawaonetsa kope ndi kuwafotokozera zonse. Anayamba kusisita ulusi wa m'mphepete mwa choluka chija. Kenako anafunsa ngati ndiye kuti mayina a Folomu 1 aja anawataya ndi manja awo omwe. Ndinati ayi, linali dzuwa. Anati ndisawanamize, iwo ali ndi ana aakulu kuposa ine.

Ndinawauza kuti basi tizingovula nsalu makina akamayaka, koma anakana. Anati makina a mapepala atafa, mlandu unagwera iwo, ndipo analemberedwa kalata yochenjeza imene ili m'failo mpaka lero. Ahedi amalowa m'kachipindako nthawi iliyonse, ndipo akangopeza bokosi lili lamaliseche, kalata yachiwiri ndiyo yomaliza. Kukawauza ahedi kuti lamulo lawo ndilo likupha makina, anati apite ndani, iwo kapena ine? Anati munthu wamkulu sauzidwa kuti zipi yatseguka, amangopatsidwa jekete.

Ndipamene ndinawauza za ntchito yanu. Pempho langa ndi ili, Bambo. Mundilukire kankhokwe kakang'ono ka nsungwi, kopanda pansi, koti tikavundikire pa bokosilo. Kakhale ndi mbali zitatu ndi denga lafulati, kumbuyo kukhale kotsegula. Nsalu izikhala pa kankhokweko osati pa chitsulo. Mayi Callista avomera kufupikitsa diresi kuti m'mbali lizilekeza pakati, ndipo kumbuyo alidula lonse chifukwa kumaloza kukhoma, palibe amayang'anako. Wolowa pakhomo aziona nsalu ndi maluwa ake monga kale. Ahedi tidzawauza zoona ndithu, kuti bambo anga atumiza chotetezera makina, ndipo mpweya ukudutsa bwino. Mayiwo akuti zina zonsezo adzazizindikira okha pa nthawi yawo.

Mu envelopu muno mwapeza chingwe cha khonje. Musachitaye. Ndamanga mfundo zitatu. Kuyambira kunsonga yopsereza mpaka mfundo yoyamba ndi m'lifupi, mpaka yachiwiri ndi msinkhu, mpaka yachitatu ndi m'litali kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Ndawonjezera kale chikhatho chimodzi mbali iliyonse kuti nsungwi zisakhudze chitsulo. Sindinalembe masentimita chifukwa ndikudziwa kuti inu tepi mumati imanama.

Nsungwi zikhale zouma bwino ndi zopala, zopanda ubweya umene ungagwere m'makina. Mipata ikhale yaikulu kuposa ya nkhokwe ya chimanga, yoti chala chanu chachikulu chizilowa. Mayi Callista akufunsa ngati mungaikemo timizere tiwiri takuda monga mumachitira m'malichero a ukwati. Ndawauza kuti nsalu idzabisa, koma akuti iwo adzadziwa kuti tilimo.

A Twaibu akuti adzabweranso ku Limbe sabata yachiwiri ya Novembala. Kakafika nthawi imeneyo, tidzakhala ndi masiku okwanira kuti makina ayake masana onse ahedi akuona komiti isanakhale. Akamakakweza pa lole, muwapemphe kuti asakaike pansi pa matumba. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi ya kumunda ndipo msana ukukuvutani. Ndikanatha kuluka ndekha sindikanakuvutitsani. Koma mukukumbuka mtanga umodzi wokha umene ndinaluka, umene amayi anati ndi wabwino kusungiramo maungu chifukwa china chilichonse chikanagwa. Tsiku lija munandilanda mpeni nkunena kuti manja angawa ndi a pensulo, ndinakalira kuseri kwa khola. Ndinkaganiza kuti mwanditaya. Pano ndikakhala m'kachipinda kaja ndimakumbuka fungo la nsungwi zongong'amba kumene, ndi mmene munkagwirira nsonga imodzi ndi chala cha kuphazi, osalankhula mpaka mzere utatha.

Ndisakunamizeni kuti ndikudziwa mmene zithere. Mwina Novembala adzatentha kuposa Lamulungu lija, nkupezeka kuti a Herbert ananena zoona. Zikatero fani yaikulu igulidwe, ndipo kiyi ndidzakapereka ndekha m'manja mwa ahedi asanamuitanitse. Padakali pano ine ndi mayi Callista tikumayatsa makina mphindi makumi anayi, nkuzimitsa kuti apume, ndipo pozimitsapo iwo amanditumiza kukayang'ana ngati ahedi ali pafupi, nkukweza diresi pang'ono nkumapepesera ndi failo.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuisunga bwino ngakhale kuno ilibe ntchito. Moni kwa azakhali a kutsidya ndi ana awo, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa a Ezekiele. Iwowa musawauze kuti ndawatchula m'kalata. Christabel, ulimbikire sukulu ngakhale mukuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo chingwecho uwapatse bambo m'manja, usamangire nkhuni.

Mukalephera kuluka chifukwa cha msana, mungondiuza kudzera kwa a Twaibu, sindidzadandaula. Koma musapereke ntchitoyi kwa munthu wina. Mayi Callista ndawauza kale kuti kankhokweko kalukidwa ndi bambo anga.

Ndine mwana wanu,
Lameki